Agogo sakugona, akuti akungoganiza: ndiyambire pati?

Nangondo:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za okalamba. Agogo anga obereka mayi ali ndi zaka za m'ma 70, amakhala kumudzi ku Phalombe. Nyumba yawo inagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo akulera adzukulu atatu, ana a mayi anga aang'ono amene anatisiya. Ino ndi miyezi inayi asakugona bwino. Amadzuka cha m'ma 2 koloko usiku n'kukhala pakhonde mpaka kucha. Nsima akungoilawa. Amadandaula mutu, kuphwanya m'thupi ndi mtima kuthamanga. Kumunda analeka, kutchalitchi analekanso. Amamwa mankhwala a BP ndi a shuga. Tikawafunsa amangoti "ndikungoganiza." Anthu ena pamudzipo ayamba kunong'ona chifukwa amawamva akuyankhula okha usiku. Ine ndili ku Blantyre, ndimatumiza kangachepe pamwezi. Ndiyambire pati? Ndiwagulire mapiritsi ogonetsa ku famase?

Achisale:

Mapiritsi ogonetsawo musagule, mayi Nangondo. Amene mungapatsidwe mosavuta ndi diazepam, ena amati Valium, kapena Piriton. Chiwindi ndi impso za munthu wa zaka 70 zimachedwa kuchotsa mankhwala m'magazi, choncho piritsi la usiku limakhala likugwirabe ntchito m'mawa. Agogo adzadzuka akudzandira, agwe popita kuchimbudzi, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka pamsinkhu umenewu ambiri sayendanso. Diazepam ali ndi vuto linanso: pakatha milungu yochepa thupi limamuzolowera, tulo sitibweranso popanda iye. Piriton naye amaumitsa kukamwa, amasokoneza mutu wa okalamba ndipo amatha kutseka mkodzo.

Yambani ndi thupi. Apite kuchipatala ndi buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene ali m'nyumba, m'jumbo imodzi: a boma, ogula pagolosale, ngakhale a zitsamba. Akayezedwe BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, malungo ndi mkodzo. Ngati akutsokomola kapena aonda, TB ndi HIV ziyezedwenso, ukalamba si chifukwa chodumphira zimenezi.

Chimene chandiimitsa m'nkhani yanu ndi ichi: akumwa mankhwala a shuga koma sakudya. Onani dzina la mankhwalawo. Ngati ndi glibenclamide, ameneyu amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo amakhalitsa m'thupi la okalamba. Shuga akatsika pansi pa 4 pa makina owerenga mmol, kapena 70 pa makina owerenga mg, munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera, mtima umathamanga, amayankhula zosamveka, ndipo zimakonda kuchitika pakati pa usiku ngati munthu wagona ndi njala. Zimafanana ndendende ndi nkhawa. Zikachitika ali maso ndipo akutha kumeza, asungunule masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga m'kapu ya madzi, amwe, kenako adye chakudya chenicheni. Ngati akomoka musawathire kanthu kukamwa, thamangirani kuchipatala. Mankhwalawo musawasiyitse nokha, koma dokotala auzidwe momveka kuti agogo sakudya, asinthe mlingo kapena mtundu.

Pa BP, ambiri amamwa HCT, yemwe amakodzetsa. Amwedwe m'mawa. Amene amamumwa madzulo amadzuka katatu kanayi usiku kukataya madzi, ndipo akadzuka maganizo amawapeza. Za kuphwanya m'thupi, funsani chimene akumwa. Brufen, diclofenac ndi Indocid akamwedwa tsiku ndi tsiku amakweza BP, amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Panado ndiye wabwinoko: mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira katatu patsiku, ndipo ngati agogo ndi ochepa thupi kwambiri, limodzi lokha panthawi.

Pali zinthu zitatu zimene abale amaziphatikiza pamodzi n'kungoti "agogo asokonezeka." Ngati kusokonezekako kwabwera mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, lero ali bwino mawa sakudziwa pamene ali, amenewo ndi matenda a m'thupi: chibayo, malungo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa madzi, shuga. Zimenezo ndi zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati kwabwera pang'onopang'ono kwa zaka, kuiwala mayina a adzukulu, kusochera njira ya kuchitsime, kubwereza funso lomwelomwelo, amenewo angakhale matenda oiwalaiwala a ukalamba. Koma ngati nzeru zili m'malo, akudziwa tsiku ndi anthu, kungoti chidwi chatha ndipo mtima walemera, tikulowera ku matenda a maganizo, amene amachizika. Mmene mwafotokozeramu ndikuona ngati n'chachitatuchi, koma aweruze ndi amene awaone ndi maso.

Akapotoka kukamwa, mkono kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, lilime likalemera, kapena pachifuwa pakawawa ngati pakanikizidwa, musadikire kuti kuche.

Nasibeko:

Ndikugwirizana ndi a Achisale kuti thupi liyambe. Koma musadabwe akakayezedwa zonse n'kupezeka zili bwino, mutu ukadawawabe. Okalamba athu sanena kuti "ndakhumudwa." Amanena za mutu, za mtima, za kutentha m'thupi, ndi mawu omwewo amene agogo anu anena, kuganiza. Kudzuka usiku kwambiri osagonanso, kuleka kudya, kuleka zimene ankazikonda, kwa milungu yoposa iwiri, ndi chithunzi chodziwika bwino cha matenda a kukhumudwa. Si ukalamba chabe, ndipo si kuchepa chikhulupiriro.

Pachipatala cha boma lililonse funsani namwino kapena dokotala woona za maganizo. Ali ndi mafunso 9 otchedwa PHQ-9, amene alipo m'Chichewa, ofunsa za milungu iwiri yapitayi. Mapointi ake amachoka pa 0 kufika pa 27, ndipo kuyambira 10 kupita m'mwamba munthu amafunika thandizo. Kwa agogo musatchule mawu oti "mental" kapena Zomba, adzakana ulendo n'kuyamba kukubisirani zonse. Auzeni zoona zimene angazilandire: mukupita kwa adokotala oona za tulo ndi kuganiza kwambiri. Anthu ambiri a vutoli amathandizidwa akuchokera kunyumba, sagonekedwa.

Tsopano chimene inu mungachite. Ku Harare, dokotala wa zamaganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi kucheza ndi anthu odwala chimene Achishona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri komweku. Amakumana kasanu ndi kamodzi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pabenchi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Njira yake si ufiti, mbale wodekha angatengeko mfundo zake.

Imayamba ndi kumvetsera. Mukhale awiri, ana atalikire, foni ikhale m'thumba. Funsani kuti, "Agogo, mukadzuka usiku muja, chimayamba kubwera m'mutu n'chiyani?" Kenako tsekani pakamwa panu. Akalira alire. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: timathamangira kunena kuti "musadandaule," "musamaganize," "zisiyeni m'manja mwa Mulungu." Timanena mwachikondi, koma agogo amamva kuti nkhaniyi yatsekedwa. Mukangobwereza zimene anena, "ndiye chikukuvutani kwambiri ndi chakuti mukadzafa anawa adzatsala ndi yani," amadziwa kuti mwamva, ndipo amapitiriza.

Zimene atchulazo zilembeni, kapena ikani timiyala pansi, kamwala kamodzi vuto limodzi. Kuganiza kwambiri kumakhala ngati mulu umodzi waukulu wosanyamulika, koma timiyalato tikawerengedwa nthawi zambiri timakhala tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Tigaweni pawiri. Kuli mavuto amene munthu angawagwire ndi manja: denga lodontha, yunifolomu, ngongole. Kuli ena osakonzeka: imfa ya mwana wawo. Achiwiriwa safuna nzeru, amafuna munthu wokhala nawo pafupi ndi mpata wotchula dzina la malemuyo popanda wina kusintha nkhani.

Pa mulu woyambawo asankhe okha vuto limodzi. Osati inu. Mukasankha inu, agogo adzavomera mwaulemu koma sadzachita kanthu. Lisakhalenso lalikulu koposa onse, chifukwa akalephera koyamba adzati "ndinanena ine." Lichepetseni mpaka ligwirike: "umphawi" si vuto loti munthu angalithetse Lachiwiri, koma "denga likudontha pamene ana amagona" ndi lotheka. Afunseni njira zonse zimene akuziganiza, ngakhale zooneka zopanda pake, musatsutse mpaka zithe. Kenako asankhe imodzi, ndipo mugwirizane kuti achita ndani, tsiku liti, ndi chiyani. Sabata yotsatira muyambire pomwepo: zatheka? Ngati sizinatheke, chinatchinga n'chiyani? Kucheza kumeneku kusapitirire mphindi 45, okalamba amatopa.

Chinanso, musadikire kuti mtima ukhale bwino ndiye ayambe kutuluka. Zimayenda mobwerera: munthu amayamba kuchita, mtima umatsatira pambuyo. Ayambe ndi zazing'ono zokhala ndi tsiku lake. Kusesa pabwalo m'mawa, kusankha nyemba ndi mnzawo pakhonde, kupita ku Mvano kapena kumphakati ngakhale angokakhala kumbuyo. Ngati kuyenda kukuvuta, pemphani amayi a mpingo kuti azibwera awiriawiri Lachinayi, osati gulu lonse kamodzi kenako zii.

Funso lovuta lifunseni ndithu: "Agogo, kodi zimafika poti mumalakalaka mutangofa? Munaganizapo zodzipweteka?" Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, kumamupepuza. Mawu ngati "ndatopa, bola ndimutsatire mwana wanga," kapena kuyamba kugawa ziwiya ndi nsalu, musawatenge ngati zonena za ukalamba. Akavomera, asakhale okha, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo m'nyumba muchoke tameki, Actellic ndi mankhwala opopera mbewu. Mapiritsi awo asunge munthu wina, aziwapatsa a masiku ochepa okha.

Akapatsidwa mankhwala a kukhumudwa, kawirikawiri ndi fluoxetine kapena amitriptyline. Kwa okalamba fluoxetine ndiye wabwinoko, amamwedwa m'mawa, kuyambira pa mlingo wochepa. Amitriptyline amagonetsa, n'chifukwa chake ambiri amamukonda, koma amachititsa chizungulire poimirira, amadzimbitsa, ndipo sagwirizana ndi mtima wodwala. Onsewa sagwira ntchito tsiku lomwelo, pamatenga milungu iwiri kufika isanu ndi umodzi. Ambiri amasiya sabata yoyamba poti akumva nseru ndipo sakuona kusintha, ena amasiya akangopeza bwino, matenda n'kubwerera. Amwedwe miyezi yosachepera 6 munthu atachira, ndipo kusiya kwake auze ndi dokotala.

Mwinimbumba:

Anzangawa anena zakuchipatala, ine ndinene za pakhomo, chifukwa kuganiza kwa agogowa kuli ndi mayina ake: chimanga, denga, sukulu, ndi pakamwa pa anthu. Munthu simungamuphunzitse kupuma bwino nkhokwe ili pululu.

Ndiyambe ndi manong'onong'owo, chifukwa ndiwo angaphe msanga. Nkhalamba yoyankhula yokha usiku nthawi zambiri ikupemphera kapena ikuyankhula ndi malemu, zimene olira ambiri amachita. Koma pamudzi zimasungidwa, ndipo tsiku limene mwana wa mnansi adzadwale mwadzidzidzi kapena mphenzi idzagwe, zidzatulutsidwa. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa mtsikana atafa ndi mphenzi. Choncho musadikire kuti zifike pamenepo. Atsibweni kapena wamkulu wa banja apite kwa amfumu panopa, zinthu zili zii, akanene kuti mayi athu akudwala, ali pa chithandizo cha kuchipatala, ndipo tamva zonenedwa. Mfumu imene yauzidwa kale imavutika kudzakhala chete. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likadalipo, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Wina akawopseza, kanenedwe ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo a komiti ya chitetezo cha m'mudzi adziwe. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza okalamba, ndipo bungwe loyankhulira okalamba la MANEPO limatsata nkhani za nkhanza zotere. Pakali pano, ngati agogo akudzuka usiku, akhale m'nyumba ndi nyali kapena wailesi m'malo mwa pakhonde pamdima. Si chilungamo kuti azibisala pakhomo pawo, koma ndi chitetezo.

Za Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo inafalikira m'maboma onse. Inapangidwira ndendende mabanja ngati ili: osaukitsitsa, opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, okalamba olera ana. Koma si yolembetsa tsiku lililonse limene mwafuna, mayina amatengedwa pa kalembera wa m'midzi nthawi yake ikakwana. Chimene mungachite ndi kupita ku ofesi ya Social Welfare kwa DC kukafunsa ngati banjali lili m'kaundula, ndi kuonetsetsa kuti agogo ali ndi chiphaso cha unzika, ana ali ndi zikalata zakubadwa. Ku ofesi yomweyo funsani za thandizo la fizi ngati pali mdzukulu wa kusekondale, ndi za mlangizi woteteza ana wa dera lanulo. Pitani ndi kalata ya amfumu ndi ya ahedi.

Ndalama zimene mumatumiza: chofunika kwambiri si kuchuluka kwake koma kudziwika kwa tsiku lake. K20,000 yobwera pa 28 mwezi uliwonse imagonetsa tulo kuposa K50,000 yobwera mosadziwika, chifukwa nkhawa imadya pa kusadziwa. Mwezi umene simukwanitsa, nenani msanga. Onaninso kuti nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba akuidziwa ndani. Okalamba ambiri amapatsa mnyamata foni kuti akawatapire, ndalama zimafika zoduka, iwo n'kumaopa kunena. Ngati n'kotheka gulani zinthu zenizeni. Chimanga chigulidwe nthawi yokolola, Meyi kapena Juni, osati Januwale mtengo utakwera. Nthawi ya njala boma limagawa thumba la makilogalamu 50 pabanja pamwezi, ndiye muyezo umenewo ungakuthandizeni kuwerengera. Sungani m'matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri m'kati, amene amapha anankafumbwe powamana mpweya. Akamangidwa bwino safuna mankhwala, choncho poizoni amene a Nasibeko anena uja safunikanso m'nyumba. Thumba likabooka kapena likamatsegulidwa kawirikawiri ntchito yake yatha, ndiye la kudya likhale lina.

Funsani mwaulemu ngati pali ngongole. Katapila ndi chinsinsi chimene chimadzutsa okalamba ambiri usiku, ndipo amachibisa kwa ana chifukwa cha manyazi. Ngati ilipo, wamkulu wa banja akakumane ndi mwini ndalamayo pamaso pa mboni, agwirizane chiwerengero chomaliza, chilembedwe. Banki m'khonde ndi yabwino pocheza ndi posunga, koma magulu ena amakakamiza aliyense kukongola kuti phindu lichuluke. Agogo opanda geni asakongole.

Munda usakhale chowatsutsa chaka chilichonse. Ngati mphamvu zachepa, alime gawo loyandikira nyumba, chimanga chosakaniza ndi nandolo monga amachitira kumeneko, ndi mbatata. Ndalama ya ganyu ilunjike pa kupalira koyamba, chifukwa ndi pamene zokolola zimatayikira. Gawo lotsala akalibwereketsa, mgwirizano ulembedwe pamaso pa amfumu, ndi chaka chake, kuopa kudzalandidwa. Katundu wa malemu ndi wa ana ake, lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda.

Pomaliza, ku Phalombe ana ndi a kuchikazi, ndiye atsibweni awo ali ndi udindo. Itanitsani msonkhano wa banja, koma musatuluke ndi mawu oti "tonse tithandizane," amenewo sagwira munthu. Aliyense atuluke ndi chake: uyu sopo ndi mchere, uyu makope, uyu kufolera denga Okutobala asanathe, uyu kuperekeza agogo kuchipatala. Agogo akhalepo ndipo ayankhule, asakambidwe ngati katundu. Bambo a anawo ngati ali moyo, lamulo limawakakamiza kusamalira ana awo, ndipo khoti la majisitireti limamva nkhani zotere.

Nangondo:

Zikomo kwambiri nonse. Ndafunsa kumudzi, mankhwala a shuga ndi glibenclamide ndithu, Lolemba apita kuchipatala. Koma ine ndimafika kumudzi kamodzi pa miyezi iwiri. Zocheza zija zingatheke pafoni? Komanso akuti mvula ikamagwa usiku ndiye sagona n'komwe, amadzutsa ana onse.

Nasibeko:

Pafoni zimatheka, bola pakhale dongosolo. Sankhani tsiku ndi ola losasintha, tinene Lamlungu 4 koloko, foni ikhale yotchaja ndipo mwini foniyo awapatse mpata. "Muli bwanji" yankho lake ndi "tili bwino, kaya inu," ndiye funsani zogwirika: mwadya chiyani lero, usiku wathawu munadzuka kangati, kwabwera ndani sabata ino. Ngati makutu akuvuta, yankhulani pang'onopang'ono ndi mawu otsika, kukuwa kumangosokoneza. Ndipo nthawi zina muziwafunsa nzeru inuyo, za kaphikidwe, za mbiri ya banja, za mwana wanu. Munthu amene wakhala wongolandira amayamba kudziona ngati mtolo, ndipo maganizo amenewo ndiwo oopsa. Komabe pakhale munthu mmodzi wamkulu pamudzipo, amene agogo amamukhulupirira, woti aziwaona ndi maso kawiri pasabata. Asakhale mdzukulu. Mtsikana wa zaka 13 akasanduka namwino ndi mlonda wa agogo, sukulu imatha ndipo mudzakhala ndi odwala awiri.

Za mvulazo n'zomveka. Thupi limene linaona nyumba ikugwa usiku limasunga phokosolo, mvula ikagunda padenga mtima umathamanga munthu asanaganize n'komwe. Kuwauza kuti "sizichitikanso" sikuthandiza, chifukwa iwo akudziwa kuti simungalonjeze. Chothandiza ndi dongosolo limene alipanga nawo: madzi akafika pati tituluka, tithawira kuti, mwana wamng'ono anyamula ndani. Ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala zikhale m'jumbo ya pulasitiki pamalo amodzi, tochi pafupi ndi mphasa. Ngalande yozungulira nyumba ikumbidwe mvula isanayambe, aione ndi maso awo. Masiku a mvula yamphamvu munthu wamkulu azigona nawo. Ngati akulota zomwezo mobwereza kapena kuona ngati zikuchitikanso ali maso, namwino wa zamaganizo auzidwe padera, chifukwa chithandizo chake n'chosiyanako.

Kupuma kuja kumene a Mwinimbumba akuseka kuli ndi ntchito yake, makamaka pa mtima wothamangawo. Akhale pansi, dzanja pamimba. Akoke mpweya ndi mphuno kuwerenga mpaka 3, mimba ikwere, osati mapewa. Autulutse ndi pakamwa pang'onopang'ono kuwerenga mpaka 6, ngati akuuzira phala la mwana. Kutulutsa kotalikako ndiko kumachedwetsa mtima. Mphindi zisanu, m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse. Zolakwika ndi ziwiri: kukoka mpweya wambiri mofulumira, zimene zimabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala, ndi kudikira mantha afike ndiye n'kuyesa koyamba. Aphunzire mtima uli m'malo, kuti usiku thupi lizikumbukira lokha. Amene amakonda kupemphera angalumikize ndi mawu afupi a pemphero kapena nyimbo yoimbidwa chamumtima.

Tulo: munthu wokalamba amagona mopepuka ndipo amadzukadzuka, zimenezo zokha si matenda. Kumudzi anthu amalowa m'nyumba 7 koloko, ndiye wogona 7 akadzuka 2 koloko wagona maola 7, okwanira. Funsani kaye ola limene amagona. Ngati ndi choncho, achedweko kugona, acheze ndi ana kapena amvere wailesi mpaka cha m'ma 9. Adzuke ola lomwelo tsiku lililonse ngakhale usiku unali woipa, aothere dzuwa la m'mawa, ayendeko masana. Kugona masana kusapitirire theka la ola. Tiyi amwe m'mawa basi, fodya wa mphuno achepe madzulo, ndipo mowa asauyese mankhwala a tulo: umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku. Ndowa ikhale m'nyumba kuti asatuluke mumdima. Ena zimawathandiza kupatula mphindi 20 masana zoganizira mavuto mwadala, ndi munthu kapena m'pemphero, kuti maganizo akabwera usiku aziwauza kuti nthawi yanu ndi mawa.

Achisale:

Kuwonjezera pang'ono, popeza mwatsimikiza za glibenclamide. Musadikire Lolemba osachita kanthu: kuyambira lero asagone ndi njala, ngakhale kapu ya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo shuga pang'ono akhale pafupi ndi pogona. Akatuluka thukuta ndi kunjenjemera usiku, apite mawa lake lomwelo.

Ndipo ngati adzapatsidwe fluoxetine, amene akulembayo aone m'buku kuti agogo ali kale pa glibenclamide, komanso ngati ali pa HCT. Fluoxetine angatsitsenso shuga, ndipo akaphatikizana ndi HCT mchere wa m'magazi umatha kutsika mwa okalamba, makamaka mwezi woyamba. Zizindikiro zake ndi kufooka, nseru, kusinza masana ndi kusokonezeka. Zikaoneka abwerere kuchipatala msanga, musaganize kuti ndi matenda a maganizo aja akukula. Woperekeza Lolembayo akhale munthu wodziwa kuwerenga, ndipo mumulembere papepala zinthu zinayi zoti akanene: sakudya, sakugona miyezi inayi, mtima umathamanga usiku, ndi mayina a mankhwala onse. Pamzere wautali dokotala amakhala ndi mphindi zochepa, ndipo agogo akafunsidwa okha adzangoti mutu.